Kalata Imene Inafika Achemwali Ali pa Eda

Achemwali anga a Ajira anayamba geni ya usipa ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndi dengu limodzi, lobwereka ndithu. Ine Zena, mng'ono wawo, n'kuti ndili ku pulayimale, ndipo ntchito yanga yaikulu inali kuwaseka kuti akununkha nsomba. Ankagula kwa asodzi ku Malindi, kuyanika pa thandala, kulongedza m'masaka, n'kukwera pamwamba pa lole mpaka ku Limbe. Anachita zimenezo zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzuwa linali lawo, mvula yawo, fumbi lawonso. Pofika kumapeto mawondo anali atatupa moti pokwera lole pankafunika anthu awiri, wina kukoka m'mwamba wina kukankha pansi, ndipo anthu a pa siteji ankaseka osabisa.

Achemwali si munthu wolankhulalankhula. Pakamwa pa banja lathu lonse ndinatenga ndine, iwo anatenga kupirira. Koma chimene ankafuna pa moyo wawo anachinena kangapo konse, ndipo sichinkasintha. Ankati, "Ine ndikufuna ndidzakalambe nditakhala pampando." Ankanena kashopu ka chitseko pafupi ndi msika wa pa boma, koti azidzagulitsamo sopo, mchere ndi mafuta ophikira, osadzapondanso tayala la lole ndi mawondo amenewo.

Njira imene anasankha yofikira ku kashopuko inali galimoto. Zonse zimene anasunga pa zaka zija anazithira pa Sienta yotuwa yolowera ku Songwe, ndipo mu bulubuku analembamo dzina lawo. Woyendetsa anali amuna awo, alamu anga Che Yunus, amene anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kutsidya kwa mlatho wa Mangochi ndipo laisensi anali nayo kuchokera pamene ankayendetsa thirakitala ku esiteti ina ku Namwera. Anzawo pa depoti ankawagemula kuti mkamwini woyendetsa galimoto ya mkazi. Iwo ankangoti, "Bola ine ndikuyendetsa. Inu ya akazi anu ili kuti?" Achemwali ndi alamu anagwirizana kuti galimotoyo iyende zaka zisanu pa msewu wa Mangochi ndi Chiponde, kenaka aigulitse isanatope, ndalamazo zigule kashopu kaja.

Inayenda bwinobwino zaka zitatu. Pa 14 Juni, nyengo yogulitsa fodya, alamu akutsika mapiri a Chowe ndi anthu asanu ndi mmodzi, lole yodzaza mabelo inaduka mabuleki kumbuyo kwawo. Inawamenya cham'mbali pa kona, n'kuwakankhira ku thanthwe. Palibe anafa, palibenso anathyoka, ndipo aliyense amene anaona galimotoyo anati Mulungu ndi wamkulu. Apolisi analemba lipoti loti wolakwa ndi wa lole. Kampani ya inshuwalansi ya loleyo inavomera kukonzetsa galimoto yathu ku galaja ina ku Limbe, koma kuvomera kwake kunali kwa lero mawa, lero mawa, mpaka miyezi isanu inatha. Itabwera inali kunyezimira kuposa tsiku limene inagulidwa. Tinaphika mpunga wa sadaka, tinathokoza, n'kumati nkhani yatha.

Koma Mangochi ndi pang'ono. Galimoto imene kale anthu ankaitchula kuti ya Che Yunus tsopano inali "ija ya pa Chowe". Chiwongolero chinkakokera kumanzere pang'ono, ndipo chitseko chotsetsereka chinkafuna bondo kuti chitsekeke. Okwera sankasamala, iwo chawo n'kufika. Nafenso sitinasamale, chifukwa munthu sudziwa mtengo wa chinthu chako mpaka tsiku limene wachiika pamsika.

Tsikulo linafika msanga. Patatha chaka alamu anayamba kudwala shuga, maso anayamba kuchita chifunga, ndipo adokotala anawaletsa kuyendetsa. Achemwali anati basi, tigulitse tsopano, kashopu tikayambe limodzi. Wogula woyamba anabwera ndi makaniko wake. Makanikoyo sanatsegule n'komwe ku injini. Anatulutsa kamaginito m'thumba n'kuyamba kukayendetsa m'mbali mwa galimoto. Kutsogolo kankamata. Atafika pa chitseko cha kumanzere kanagwa pansi. Anakatola, kuyesa chakumbuyo, kanagwanso.

"Mayi, umu mulibe chitsulo," anatero. "Ndi fila yekhayekha, penti pamwamba."

Galimoto zofanana nayo nthawi imeneyo zinkapita pa mamiliyoni asanu ndi anayi. Wogulayo anatchula asanu. Wachiwiri anatchula asanu omwewo, ngati anapangana. Wachitatu anangomva kuti ndi ija ya pa Chowe n'kubwerera pa geti. Achemwali anakhala pa khonde akusisita mawondo, ndipo anati, "Ndiye kuti zaka khumi za pa lole zinatsalira pa thanthwe paja." Kashopu ndi mamiliyoni asanu sikakanatheka.

Amene anatitsegula maso ndi a Matilda, anzawo a achemwali a ku Malindi, Achiangilikani, amene akhala akukwera nawo malole kuyambira kalekale. Achimwene awo, a Jenkins, ndi loya ku Zomba. Achemwali ndi alamu anapita kukawaona mu Disembala, ndipo anabwerako nkhope zikuwala. A Jenkins anawauza kuti kukonza galimoto n'kwina, kutsika kwa mtengo wake n'kwinanso, ndipo pepala limene anasayina ku galaja linkanena za kukonza kokha. Anatumiza katswiri wodziwa mitengo ya magalimoto, anaiyeza, analemba. Kenaka analembera kalata a inshuwalansi. Anawachenjezanso kuti lamulo limapereka zaka ziwiri, kuwerenga kuyambira tsiku la ngozi, zoti munthu akasumire kampani ya inshuwalansi ku khoti, ndipo ngati kampaniyo ichita chidodo adzafunika kusuma 14 Juni asanakwane. Nthawi imeneyo kunali kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Miyezi isanu ndi umodzi imaoneka yambiri ukakhala kuti m'nyumba mwako aliyense ali moyo.

A inshuwalansi anayankha kuti nkhani yanu tikuiona. Patapita mwezi anayankhanso kuti amene amaona nkhani zotere ali pa tchuthi. Pa 17 Febuluwale alamu Che Yunus anamwalira ku chipatala, titangowafikitsa. Tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, ndipo achemwali analowa eda.

Kwa amene si Asilamu, eda ndi nthawi imene mkazi wofedwa mwamuna amakhala pakhomo, miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osakwatiwa. Kwathu amene amayang'anira zimenezi ndi amayi athu aakulu, a Mwanamvua, akulu awo a malemu mayi athu. Ndi amene amasambitsa maliro a akazi m'mudzi monse, ndipo eda anakhalapo katatu, moti amaidziwa ngati munthu wodziwa njira ya kumunda kwake. Anabwera ndi mkeka wawo n'kukhazikika. Galasi analitembenuzira kukhoma. Mafuta onunkhira anawachotsa. Analamula kuti mwamuna aliyense amene si wamagazi athu asawaone achemwali, asamvenso mawu awo. Foni anawalanda n'kundipatsa ine.

"Iwe Zena ndiwe pakamwa pa mkulu wakoyu mpaka atuluke," anatero. "Zadziko zonse zithere pa iwe."

Ndinene zoona, ndinanyada. Moyo wanga wonse achemwali ndi amene ankandisenza, kundilipirira sukulu imene ndinaithawa ndili Fomu 1, kundilandira banja langa litatha. Tsopano inali nthawi yanga yowatchinjiriza. Ndinavala udindowo ngati yunifolomu ya mlonda, ndipo aliyense woimba foni ankakumana ndi ine.

A Jenkins anaimba koyamba mu Malichi, m'mwezi wa Ramadhani. Anapepesa maliro mwaulemu ndithu, kenaka anati a inshuwalansi akungozengereza dala ndipo ndi bwino kukonzekera zosuma. Ndinawauza kuti eni ake ali pa eda, adzabwera akatuluka. Anafunsa kuti atuluka liti. Ndinati kumapeto kwa Juni.

"Mayi, kumapeto kwa Juni n'kutali. Deti yathu ndi 14."

"Deti idikira," ndinatero. "Kuno kwagwa maliro."

Musandiweruze musanamve chimene chinali m'mutu mwanga. Ine chibadwire sindinaonepo ofesi yosunga nthawi. Chitupa cha unzika ndinachiyendera maulendo asanu. Ku chipatala amakuuza Lachiwiri, ukafika Lachiwiri akuti ubwere Lachiwiri linalo. A inshuwalansi omwewo anasunga galimoto yathu miyezi isanu ku galaja, alamu ali pakhomo manja lende, ndipo palibe khoti limene linawauza kuti nthawi yawathera. Ndiye munthu andiuze kuti anthu omwe aja, amene mawa lawo silifika, adzatitsekera chitseko chifukwa cha masiku ochepa? Ndinkaona ngati ndi machenjera a maloya, kuopseza anthu kuti athamange ndi ndalama. Sindinkadziwa kuti wotchi ya anthu amenewa imayenda pamene wochedwa uli iwe.

Kumapeto kwa Epulo anaimbanso. Anati safuna kuti achemwali atuluke m'nyumba, iwo atha kubwera okha ku Mangochi ndi mapepala, achemwali n'kungosayina. Ndinakawauza amayi aakulu. Anali kusankha mpunga, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mwamuna wachilendo alowe pakhomo pa eda? Ndi mapepala a ndalama? Che Yunus manda awo sanamere n'komwe udzu. Ukufuna mudzi wonse uziti Ajira anali kudikira imfa ya mwamuna wake kuti adye za galimoto?"

Mawu amenewo anandilowa, chifukwa anthu anali atayamba kale kunong'ona. Abale ake a alamu ankayang'ana Sienta ija pansi pa mtengo wa mango ngati ndi ya malemu, ngakhale bulubuku linali kunena zina. Ndinaganiza kuti loya akangoima pa geti pathu ndi tayi yake, mbiri ya achemwali yathera pomwepo. Ndinawayankha a Jenkins kuti sizitheka.

Pakati pa Meyi a Matilda anabwera kudzazonda, atanyamula shuga ndi envulopu yakhaki. Achemwali n'kuti akuswali, kupemphera kwathu kwa Asilamu, choncho envulopuyo anandipatsa ine kuseri kwa khitchini.

"Achimwene akuti a Ajira asayine malo atatu, pamene achonga ndi pensulo. Basi, palibenso china. Mukatero mundiimbire, ine ndikaipereka ndekha ku Zomba."

Amayi aakulu anationa. A Matilda atangochoka anandiitana.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Mapepala a galimoto, amayi. Akuti angosayina."

"Munthu wa pa eda dzanja lake ndi la tasbihi, mikanda yopempherera, osati la milandu. Kasunge. Tsiku lotuluka lilipo, Insha Allah."

Ndinaiika m'sutikesi yanga, pansi pa zitenje. A Matilda anaimba kawiri ali ku Limbe kufunsa ngati zatheka, ine n'kumati asayina akapeza mpata.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Achemwali anafunsa. Tsiku lina masana ndikuwapaka mankhwala m'mawondo, anati, "Zena, a ku Zomba aja sanaimbepo? Paja ankanena za deti inayake mu Juni."

Ndinawayang'ana. Anali ataonda, maso atalowa m'kati, ndipo chimwalirire alamu kanali koyamba kufunsa chinthu cha kunja kwa mpanda. Sutikesi inali m'chipinda chomwecho, mapazi anayi kuchokera pamene anakhala.

"Anaimba," ndinatero. "Akuti zonse zili m'malo. Mudzapita mukatuluka."

"Nanga detiyo?"

"Achemwali, deti ya m'maofesi ndi yoti n'kuda nayo nkhawa? Inu pumulani."

Anagwedeza mutu n'kutseka maso. Anandikhulupirira, chifukwa ndinali ndisanawanamizepo pa chinthu chachikulu.

Sabata yoyamba ya Juni a Jenkins anaimba kachitatu, ndipo ulendo uno ulemu unali utachepa. Anati kwatsala masiku asanu ndi anayi, ndipo iwo sangakasume m'dzina la munthu amene sanawalamule ndi siginecha yake. Anati ndiwapatse eni ake foni ngakhale mphindi imodzi. Ine mtima unandipsa.

"Bambo inu, kodi kwanu simufedwa? Munthu akulira mwamuna wake inu muli kalikiliki ndi mapepala. Ngati ndi ndalama zanu mukuzifuna mudzalandira, dikirani!"

Ndinadula foni. Anatumiza uthenga wautali wa Chingerezi, ine ndinangoona kutalika kwake n'kuusiya. Kenaka kunabwera Idi ya nyama, pakhomo panadzaza alendo, ndipo 14 Juni anadutsa ngati tsiku lina lililonse. Ndikukumbuka kuti ndinachapa makatani.

Achemwali anatuluka eda pa 24. Amayi aakulu anali atawerenga masiku onse mosaphonya ngakhale limodzi, ndipo pa chimenecho ndiwayamikire. Anawasambitsa, kuwaveka chitenje chatsopano, tinaphika sadaka, anthu anadya n'kumayamika kuti eda ngati imeneyi masiku ano siionekanso. Patapita masiku awiri tinakwera minibasi ya ku Zomba, awiriwiri. Envulopu ndinaitenga m'chikwama changa, ndikuganiza kuti asayinira komweko ndipo nkhani yoti inafika kale siidzatuluka.

A Jenkins ndi bambo wamfupi wa imvi m'mbali. Anatilandira, anapepesanso maliro, kenaka anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo.

"Mayi Ajira, ndilibe nkhani yabwino. Nthawi yosumira a inshuwalansi inatha pa 14. Lero ndi pa 26."

"Masiku khumi ndi awiri okha?" anafunsa achemwali.

"Likanakhala limodzi zikanakhala chimodzimodzi."

Ine ndinalumpha. Ndinati munthuyu anali pa eda, akhoti sangamve zimenezo? Kalata ya imfa tili nayo, mboni mudzi wonse. A Jenkins anati atha kuyesa, koma sakufuna kutidyera ndalama pa chinthu chimene akuona kuti sichipita patali, chifukwa a inshuwalansi adzangotulutsa kalendala. Ndinati nanga iwo aja anatizengereza miyezi yonse ija? Anati n'chifukwa chake ankazengereza.

"Chimene chikundipweteka ine," anapitiriza, akuyang'ana achemwali, "n'choti simunkafunika kutuluka m'nyumba. Mapepala ndinatumiza ndi achemwali anga mwezi wa Meyi. Ndinaimba katatu. Ndinalemba uthenga."

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ine ndinatsegula chikwama, kutulutsa envulopu ija ili chimatire, n'kuiika pa tebulo, chifukwa panalibenso china choti ndichite nayo. Ndikanakonda akanandimenya mbama pamaso pa loyayo.

A Jenkins anati patsala njira imodzi. Mwini lole yekha, osati kampani, lamulo limapereka nthawi yotalikirapo yomusumira, ndipo zaka zake zinali zisanathe. Koma anatilangiza kuti tisanataye ndalama tikamuone kaye munthuyo, chifukwa kupambana mlandu n'kwina, kulandira n'kwina.

Tinapita ku Namwera sabata yotsatira. Mwini loleyo, Che Latif, tinawapeza pa khonde la nyumba yosamaliza, dzanja limodzi litafa ndi sitiroko. Lole ija inali pabwalo, itakhala pa miyala yopanda matayala, nkhuku zikuikira mazira m'kati. Akazi awo anatipatsa madzi akumwa m'kapu imodzi, tinachita kulandirana. Achemwali anafunsa za matenda, anapereka pepani, n'kutsanzika osatchula n'komwe chimene tinayendera. Tili pa msewu ndinati tikanangonenako ndithu. Iwo anati, "Ukasumire nkhuku zija?"

Ine mkwiyo unalibe kopita, ndiye ndinaupititsa kwa Shehe Bakali, amene amaswalitsa pa mzikiti wathu. Ndinawapeza akukonza njinga yawo, ndipo sindinachedwe ndi malonje. Ndinati Shehe, chilamulo chanu cha eda chadyetsa achemwali anga zaka khumi za thukuta lawo. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenaka anapukuta manja.

"Abiti Saidi, anakuuzani ndani kuti munthu wa pa eda sasayina pepala?" anafunsa, akunditchula ndi dzina la bambo athu.

"Amayi aakulu."

"Nanga ine ndimakhala kutali bwanji ndi kwanu?"

Mzikiti timauona tili pa khonde.

"Mkazi wa pa eda amatha kutuluka masana ngati pali chofunika chenicheni, kuchipatala, kukhoti, ngakhale kumsika ngati alibe womugulira. Atha kulankhula ndi mwamuna pa nkhani yofunika, mwaulemu wake. Ndiye kusayina pepala ali m'nyumba mwake? Chipembedzo sichinauze munthu kuti ataye chuma chake. Miyezi inayi yonse ndinkabwera kwanu kudzapanga duwa, mapemphero aja. Bwanji simunandifunse?"

Safunsa anadya phula, amatero, koma phula limeneli ndinatafuna ndine, womeza anali wina. Ndinapita kwa amayi aakulu ndi mawu a Shehe ali amoto. Anandimvetsera akutafuna fodya wawo, ndipo anati, "Mashehe a masiku ano anaphunzira m'mabuku. Ife tinachita mmene tinapezera. Eda ya Ajira inali yoyera, palibe anganene kanthu." Pamenepo ananena zoona, palibe ananena kanthu. Anthu amene tinkaopa pakamwa pawo aja anadya mpunga wathu kawiri n'kumapita, ndipo palibe mmodzi anabwera kudzafunsa kuti namfedwayu adya chiyani chaka chamawa.

Ndimadana ndi kampani ija, imene inadziwa tsiku n'kumatiyankha kuti tikuiona. Ndimadana ndi lamulo lopatsa mayi wogulitsa usipa zaka ziwiri, pamene chaka ndi theka cha zakazo chinatha iye asakudziwa n'komwe kuti pali chimene wataya. Amayi aakulu sindiwayendera. Koma ndikamaliza kuwerenga adani onsewa ndimapeza kuti kampani sinalowe m'chipinda mwathu, ndipo lamulo silinatsegule sutikesi yanga.

Galimoto inagulitsidwa mu Ogasiti kwa mphunzitsi wina wa ku Ntaja, pa mtengo wotsikirapo kuposa uja tinaukana poyamba, chifukwa inali itakhala miyezi yambiri osayenda ndipo batire ndi matayala zinali zitatha. Kashopu kamene achemwali anali atakaloza pafupi ndi msika anagula munthu wina, pano amagulitsamo mafoni. Ndalama za galimoto zina zinamalizira denga la nyumba, zina anaikiza a Matilda kuti awagulire usipa ku Malindi. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, achemwali anatulutsanso masaka awo akale n'kuyamba kusoka mabowo.

Miyezi iwiri yonseyo sanandinenepo mawu oipa. Tinkadya mbale imodzi, ankandifunsa za ana anga, ankanditumanso kumsika. Ine ndinkachita kuwaputa kuti mwina apse mtima tithane nazo. Tsiku lina ndinagwada n'kunena kuti achemwali, ndinakulakwirani, nditukwaneni. Iwo anati madzi akatayika saoleka, dzuka ukaone mphika ukupserera.

M'mawa wa tsiku limene ankabwerera ku malole ndinawaperekeza ku siteji. Masaka asanu ndi limodzi anali atakwezedwa kale, a Matilda ali pamwamba akuwasungira malo. Achemwali anaima pafupi ndi tayala, akuyang'ana m'mwamba mmene munalili kutalika, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Zena, envulopu ija a loya anakubwezera?"

"Eya, ili m'chikwamamu. Ndimangoyenda nayo, sindidziwa chifukwa chake."

"Bweretsa. Ndi cholembera."

Anaing'amba pakamwa, kutulutsa mapepala aja, n'kuwatsamiritsa pa chitseko cha lole. Anafufuza pamene panachongedwa ndi pensulo, ndipo anasayina malo onse atatu, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, dalaivala akuliza hutala. Sizinathe ngakhale mphindi ziwiri. Anawapinda bwinobwino, kuwabwezera mu envulopu, n'kundipatsa m'manja.

"Ndimafuna ndione kuti zikanatenga nthawi yaitali bwanji," anatero. "Tenga, kasunge. Kusunga ndiye umatha."

Kenaka anaika phazi pa tayala, a Matilda anawagwira mkono kuchokera m'mwamba, ndipo wokankha pansi ndinali ine.